Anthu 8 tikufuna kukwera Ol Doinyo Lengai usiku kuti dzuwa likatitulukire pamwamba: tikonzekere bwanji?

Wa ku Chilomoni wafunsa:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tilipo Amalawi 8 amene tikakhale ku Arusha milungu iwiri mu Ogasiti pa maphunziro a kuntchito, ndipo maphunzirowo akatha titsala ndi masiku 3 tisanabwerere kumudzi. Tapangana zokakwera Ol Doinyo Lengai, phiri lamoto lija lili kufupi ndi nyanja ya Natron ku Tanzania, kuti dzuwa likatitulukire tili pamwamba. Awiri mwa ife anafikapo pa Sapitwa, atatu amakwera Michiru ndi Ndirande mwa apo ndi apo, atatu enawo sanakwerepo phiri chibadwire. Wamkulu pa tonse ali ndi zaka 54, ndipo mayi mmodzi amadwala mphumu. Kodi masiku 3 akwana? Tiyambe kukwera nthawi yanji, tinyamule chiyani, nanga n'zoona kuti pamwambapo tikaona chiphalaphala chofiira chikuwira?

Mlondamapiri wayankha:

Achimwene, masiku 3 akwana, koma akwana ndendende. Tsiku loyamba ndi la msewu, usiku wake ndi wokwera, lachiwiri ndi lotsika ndi kugona, lachitatu lobwerera ku Arusha. Ndege yanu ikhale ya tsiku lachinayi. Msewu wa ku Natron sungaupangire nthawi, ndipo munthu wotsika Lengai masana sayenera kukhalanso maola 6 m'galimoto tsiku lomwelo.

Musalole kuti manambala akunamizeni. Sapitwa ndi mamita 3,002, Lengai ndi pafupifupi 2,960, choncho munthu angaganize kuti amene anafika pa Sapitwa ndiye wathana nazo. Ku Mulanje mumakwera tsiku loyamba, n'kugona ku Chisepo, m'mawa n'kumalizitsa, ndipo madzi mumatunga m'njira. Ku Lengai kulibe nyumba yogona, kulibe mtsinje, kulibe ngakhale mtengo woti muusepo. Galimoto imakutulani m'munsi cha pa mamita 1,100 kapena kupitirirako pang'ono, ndipo mumakwera mamita oposa 1,600 usiku umodzi, pa mtunda wa makilomita 5 kapena 6 okha. Njira yake siikhotakhota ngati msewu wokwera Ku Chawe. Imangolunjika kumwamba.

Ola loyamba limanyenga, chifukwa mumayenda m'udzu ndi mumchenga ndipo chitunda chake n'chabwinobwino. Apa ndi pamene achinyamata amathamanga n'kutha mphamvu zomwe azifune 4 koloko. Kenaka mumalowa m'makwawa okumbika ndi mvula, m'mene phulusa ndi lofumbutuka: phazi limamira, ukaponda katatu kamodzi wabwerera m'mbuyo. Chigawo ichi ndi chachitali ndipo ndi chimene chimafooketsa mtima, poti mumdima suona komwe ukupita, umangoona zidendene za mnzako m'kuwala kwa tochi. Kumtunda phulusa linauma n'kukhala thanthwe longa simenti, lopendekeka mwina mpaka madigiri 45, ndipo pamenepo ndodo imalowa m'chikwama, munthu n'kumakwawa ndi manja ndi miyendo. Mukadutsa pakati pa miyala iwiri yoyera imene otsogolera amaitcha Pearly Gates, dziwani kuti mlomo wa chidzenje cha pamwamba wayandikira.

Mu Ogasiti dzuwa limatuluka cha m'ma 6:40 nthawi ya ku Tanzania, ndipo kum'mawa kumayamba kufiira theka la ola zisanatero. Anthu ozolowera amakwera maola 5. Gulu longa lanu liwerengere 6 kapena 7, ndiye phazi loyamba liponde njira 11 koloko usiku, likachedwetsa 11:30. Kuchoka kumene mugone kumudzi wa Engare Sero kukafika m'munsi mwa phiri ndi mphindi 30 mpaka 45 pa galimoto. Kufika msanga nakonso kuli ndi vuto lake: pamwamba pamawomba mphepo yozizira, ndipo kudikira ola lathunthu malaya ali onyowa ndi thukuta kumanjenjemeretsa. Mukaona kuti mwatsogola, pumirani m'khwawa m'munsi mwa thanthwe, pobisika mphepo. Kukacha bwino mudzaona Kilimanjaro ndi Meru zitatumphuka pamwamba pa mitambo, nyanja ya Natron kumpoto, ndipo kumadzulo mthunzi wa Lengai, wosongoka ngati denga la nkhokwe, utagona pa khoma la chigwa.

Tsopano nkhani imene ndikufuna muimvetsetse ndi yotsika. Magulu ambiri amakonzekera zokwera, za kutsika n'kuziyesa zazing'ono. Kutsika Lengai kumatenga nthawi yofanana ndi kukwera, kwa ena kuposerapo. Usiku mdima umakubisirani phompho. M'mawa mumaliona lonse lili pansi pa mapazi anu, ndipo pali anthu amene miyendo imangouma pamenepo. Pathanthwe paja pamakhala timiyala ndi fumbi pamwamba, ndiye nsapato imaterereka ngati waponda nandolo wouma pa simenti. Njira yabwino ndi kukhala pansi, manja kumbuyo, zidendene kutsogolo, n'kumasendera pang'onopang'ono. Palibe chamanyazi pamenepo, otsogolera omwe amatero. Mufunikanso kuthamangitsana ndi dzuwa. Njira ili chakumadzulo kwa phiri, choncho maola oyambirira mumatsika mumthunzi, koma dzuwa likangodumpha nsonga kumatentha koopsa, phulusa n'kumabweza kutenthako kumaso. Pamwamba musakhalepo kupitirira mphindi 40. Ndipo musananyamuke panganani nthawi yobwerera: ikakwana 7 koloko, aliyense atembenuke pomwe ali, kaya kwatsala mamita 100 okha.

Kukwera popanda wotsogolera wa kumaloko, amene amakhala Mmasai wa m'midzi ya kufupi, sikuloledwa. Funso loti mufunse musanalipire ndi lakuti otsogolerawo akhala angati. Anthu 8 asachepere otsogolera 3. Chifukwa chake n'chakuti pa gulu lotere pamapezeka ndithu wina wofuna kubwerera 2 koloko kapena 3 koloko usiku. Wotsogolera akakhala mmodzi, mwina gulu lonse libwerere, mwina wotopayo asiyidwe yekha mumdima pa mphepo, kapena adzikakamize kukwera poopa kuwonongera anzake ulendo. Zitatu zonsezi n'zoipa. Akakhala atatu, mmodzi amatsogolera othamanga, wina oyenda pang'onopang'ono, wachitatu n'kukhala wotsikira ndi aliyense amene walephera.

Pathanthwe ndi m'makwawa samalani miyala. Amene ali kumtunda akagumula mwala umatsika ndi liwiro molunjika amene ali m'munsi. Yendani mothithikana kuti mwala usapeze mtunda wothamangira, apo ayi gulu lachiwiri lidikire pambali mpaka loyamba litadutsa. Wogumula mwala akuwe nthawi yomweyo. Pa Chiswahili ndi "jiwe", kuti otsogolera amvenso. Kampani imene ikukutengani ikakhala ndi zipewa zolimba, zibwerekeni.

Za katundu, choyamba ndi tochi ya pamutu, aliyense yakeyake, ndi mabatire ena apadera. Tochi ya foni siyithandiza poti manja onse awiri akhala pa ntchito. Nsapato zikhale za mapiri, za mano akuya kuphazi, zogwira akakolo, ndipo zikhale zoti mwayenda nazo kale milungu ingapo. Masokosi aatali muwakwezere pamwamba pa thalauza kuti phulusa lisalowe. Thalauza likhale lolimba komanso loti simulidandaula, chifukwa kumatako litha. Magolovesi a kumunda kapena a amisiri omanga ndi okwanira, thanthwe lija limasupula zikhatho. Pathupi valani zopyapyala zingapo zosanjikiza, juzi imodzi ndi jekete yotchinga mphepo zili m'chikwama, chipewa cha ubweya cha usiku ndi china cha mlomo waukulu cha masana. Kansalu kophimba mphuno ndi kamwa, ngakhale chidutswa cha chitenje, n'kofunika. Ndodo ziwiri zimapulumutsa mawondo potsika m'phulusa. Chikwama chisapitirire makilogalamu 7 madzi ali momwemo.

Dalaivala wa Kumpoto wayankha:

Ndiwonjezereko za msewu ndi ndalama, poti ulendo umenewu ukhoza kuwonongeka musanalione n'komwe phirilo.

Kuchoka ku Arusha mumatenga msewu wa ku Dodoma mpaka pa Makuyuni, n'kukhotera ku Mto wa Mbu. Ponsepo ndi tala, maola awiri kapena kupitirirako pang'ono. Pa Mto wa Mbu mumakhotera kumpoto, kudzera ku Selela ndi Engaruka, makilomita oposa 100 a fumbi, mabampu, miyala yakuthwa ndi makwawa, ndipo pamenepo werengerani maola 3 mpaka 5. Nyamukani ku Arusha 7 koloko m'mawa kuti 2 koloko masana ikupezeni mutafika, mupeze nthawi yogona. Ogasiti ndi nyengo yabwino chifukwa kumakhala kouma. Malichi, Epulo ndi Meyi ndi miyezi ya mvula yambiri, makwawa aja amadzaza mwadzidzidzi ngakhale mvula itagwa kutali kumapiri, ndipo phirilo limaterera moti silikwereka.

Land Cruiser ya alendo imanyamula anthu 6 kapena 7. Inu mulipo 8, kuphatikiza otsogolera atatu usiku wopita kuphiri, ndiye musavomere zothithikana m'galimoto imodzi. Tengani ziwiri. Zikwera mtengo, inde, koma ina ikafa panjira inzake imathandiza, komanso m'munsi mwa phiri imodzi ikhoza kubweza obwerera msanga kapena kuthamangira ndi wovulala, ina ikudikira otsala. Galimoto iliyonse ikhale ndi matayala a sipeya awiri, jeke yogwira ntchito, fosholo ndi chingwe chokokera. Ziwoneni ndi maso anu ku Arusha. Dizilo adzadze pa Mto wa Mbu, ndipo madzi akumwa mugule pomwepo: malita 10 pa munthu, kutanthauza 80, kuwonjezapo a otsogolera. Madalaivala agone masana nawonso, ndipo agwirizane nanu kuti adikira m'munsi mwa phiri mpaka womaliza atatsika, madzi ena ali m'galimoto.

M'njira muli mageti olipiritsa a makhonsolo, palinso ndalama ya boma ya zachilengedwe, ya mudzi ndi yokwerera phiri. Uzani amene akukonzerani ulendo alembe chilichonse pachokhapachokha, asonyeze zimene zili kale mu mtengo wake ndi zimene mukalipire nokha, ndipo pa geti iliyonse tengani lisiti. Dziwaninso kuti Malawi sali mu East African Community. Mitengo yotsika imene mungaione yolembedwa kuti ndi ya nzika za kum'mawa kwa Africa si yanu, mukalipira ngati alendo akunja, ndipo pasipoti ikhale m'thumba. Mashilingi tengerani ku Arusha, okwanira ndi oyamikira otsogolera omwe. Makwacha kumeneko sayenda, ndipo ku Engare Sero musayembekezere makina otapira ndalama kapena netiweki yodalirika.

Chinthu china chimene chimasokoneza Amalawi ndi nthawi. Tanzania ili patsogolo pathu ndi ola limodzi, izo n'zosavuta. Chovuta n'chakuti pa Chiswahili maola amawerengedwa kuyambira 6 koloko. Wotsogolera akati "saa tano usiku" akunena 11 koloko usiku, "saa sita usiku" ndi 12 koloko, ndipo "saa moja asubuhi" ndi 7 koloko m'mawa. Mukamapangana nthawi yonyamuka ndi yobwerera ija, lembani manambala pa foni muwonetsane.

Kwa ena amene angafune kuchokera kumudzi pa basi: ndi Karonga, boda ya Songwe, Mbeya, kenaka basi ya ku Arusha yodzera ku Iringa, Dodoma ndi Babati. Mukhoza kutsikira pa Makuyuni osafika ku Arusha. Pasipoti ya Malawi siifuna viza, koma ndi masiku awiri kupita, awirinso kubwerera.

Anamwino wayankha:

Bambo a ku Chilomoni, ine ndilankhule za thupi, makamaka za mayi a mphumu aja.

Paphiripo pali zinthu zitatu zimene zimadzutsa mphumu, ndipo zimabwera pamodzi: mpweya wozizira umene munthu amaukoka mwawefuwefu, fumbi la phulusa, ndi mpweya wa sulufule wotuluka m'ming'alu ya pamwamba, uja umanunkha ngati mazira oola. Mayiwo akaonane ndi dokotala asananyamuke, amuuze momveka kuti ndi phiri lamoto la mamita pafupifupi 3,000 ndipo chipatala chili kutali. Ngati mphumuyo yawavutitsa miyezi yapitayi kapena amadalira kupopera tsiku ndi tsiku kuti apume, asakwere. Akaloledwa, atenge mankhwala opopera awiri, amodzi m'thumba la pachifuwa pofunda, ena asunge mnzawo woyenda naye pafupi. Ayende kutsogolo kwa gulu kuti asamapume fumbi la anzawo, ndipo fungo lija likakula asafike pamlomo pa chidzenje. Dzuwa akhoza kulionera chapansipo.

Zaka 54 pazokha si vuto. Chofunika kufunsa ndi mtima, kuthamanga kwa magazi, shuga ndi mawondo. Wa matenda amenewa ayezetse kaye, ndipo mankhwala ake a tsiku ndi tsiku akwere nawo phiri, asatsale ku malo ogona.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi kuchepa kwa madzi m'thupi, ndipo kumayamba dzulo lake. Nyanja ya Natron ili pansi, cha pa mamita 600, masana kumatentha kupitirira madigiri 35. Imwani madzi m'njira monse mpaka mkodzo uyere, mowa ayi. Mukafika gonani pamthunzi, idyani 6 koloko chakudya chozolowereka ngati mpunga kapena nsima ndi ndiwo zopanda mafuta ambiri, n'kugonanso mpaka 10 koloko. Paphiri aliyense anyamule malita 4. Pokwera kumazizira ndipo ludzu silimveka, komabe muzimwa pang'ono mphindi 20 zilizonse, lita imodzi ndi theka ikwane pofika pamwamba. Malita awiri ndi theka otsalawo ndi a potsika. Botolo limodzi musungunuliremo Thanzi. Mukasowa, lita imodzi ya madzi, masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Idyani kanthu ola lililonse ngakhale njala isamveke: mtedza, nthochi, mbatata yophika, dzira lowiritsa, mabisiketi. Fulasiki ya tiyi wa shuga imathandiza kwambiri mbandakucha. Malaya ena ouma akhale m'pepala la pulasitiki, musinthe mukangofika pamwamba.

Kupitirira mamita 2,500 ena amamva mutu, mseru ndi chizungulire chifukwa cha kuchepa kwa mpweya, makamaka poti mwachoka pansi kwambiri m'maola ochepa. Mutu wokha, Panado ndi madzi ndi kupuma pang'ono. Koma munthu akayamba kudzandira, kulankhula zosokonekera, kusanza mobwerezabwereza, kapena kubanika ngakhale atakhala pansi, atsike nthawi yomweyo ndi wotsogolera. Asagonekedwe kuti mwina apeza bwino. Potsika, amene wasiya kutuluka thukuta, khungu lili lotentha ndipo akuoneka wosokonezeka, watenthedwa koopsa: mumthire madzi, mum'pangire mthunzi ndi chitenje, mum'kupize.

Wengani zikhadabo za kumapazi masiku awiri ulendo usanachitike, ndipo musanayambe kutsika mangitsani zingwe za nsapato cha pa akakolo kuti zala zisamagunde kutsogolo. Pomwe payamba kutentha pachidendene matani pulasitala thuza lisanatuluke. Gulu likhale ndi mabandeji awiri otamuka, mankhwala otsukira bala, ndi madzi oyera otsukira m'maso, chifukwa phulusa la phiri limeneli lili ndi soda ndipo limaluma. Paphiripo wothyoka mwendo amatsitsidwa ndi anthu pamanja, kenaka maola angapo pa galimoto. Onetsetsani kuti inshuwalansi yanu ya ulendo ikuvomera kukwera mapiri. AMREF Flying Doctors ya ku Nairobi imagulitsanso chitetezo cha masiku ochepa kwa alendo, chowanyamula pa ndege akavulala. Pomaliza, Mto wa Mbu tanthauzo lake ndi mtsinje wa udzudzu. Neti ndi mafuta othamangitsa udzudzu musaziiwale.

Wa Miyala wayankha:

Funso la chiphalaphala chofiira silinayankhidwe. Musapite ndi chithunzi cha Nyiragongo, phiri lamoto la chiphalaphala chofiira la ku Goma m'dziko la Congo, m'mutu. Lengai ndi phiri lokhalo pa dziko lonse limene masiku ano limatulutsa chiphalaphala cha mtundu wa natrocarbonatite, chodzaza ndi soda ndi potashi. Chimatuluka pa madigiri 500 mpaka 600, pamene cha mapiri ena chimapitirira 1,000. Kutentha kumeneko n'kochepa moti masana sichiwala. Chimaoneka chakuda kapena chakhofi ngati oyilo wakale wa galimoto, ndipo chimayenda mopepuka ngati madzi. Kufiira kwake, kozimiririka, kumaoneka mumdima mokha. Chikazizira n'kukoka chinyezi cha mumpweya chimasanduka choyera m'maola kapena m'masiku ochepa, n'chifukwa chake mutu wa phirilo umaoneka ngati wathiridwa laimu. Katswiri wa miyala J. B. Dawson ndi amene anatsikira m'chidzenjemo mu 1960 n'kutola chiphalaphala chimenechi, ndipo umodzi mwa miyala yake unapatsidwa dzina loti nyerereite polemekeza Julius Nyerere.

Zithunzi zambiri za pa intaneti zoonetsa anthu akuyenda pakati pa tizulu totuluka chiphalaphala, ena atamanga matenti, n'zakale. Mu Seputembala 2007 phirilo linaphulika mwamphamvu, n'kupitiriza kulavula phulusa mpaka 2008, monga linachitiranso mu 1917, 1940 ndi 1966. Bwalo la pamwamba limene anthu ankayendapolo linachoka, m'malo mwake munatsala chidzenje chakuya cha makoma oongoka. Lero mumaima pamlomo n'kusuzumira pansi. Mukhoza kumva kuwira ngati mafunde akumenya gombe, kuona nthunzi ndi timitsinje takuda pansi poyera, kapena osaona kuyenda kulikonse, malinga ndi tsikulo. Amene akufunitsitsa kuona kufiira afike kusanache.

Mlomowo ndi phulusa lowunjikana, wopapatiza, wokhala ndi ming'alu, ndipo malo ena pansi pake ndi pofukulika. Pondani pomwe waponda wotsogolera, musaunjikane anthu 8 malo amodzi kuti mujambulitse, ndipo musayende chobwerera m'mbuyo maso ali pa foni. Kutsikira mkati n'kosayenera konse, mpweya woipa umakhazikika pansi. Funsani anthu a ku Engare Sero mmene phiri lakhalira masabata amenewo. Akati kwakhala zivomerezi kapena phulusa likutuluka, siyani.

Pobwerera mukaone ndi maso ena mapiri a kwathu. Kangankunde ku Balaka, Tundulu ndi Songwe ku Phalombe ndi miyala ya banja lomwelo la carbonatite, zotsala za mapiri amoto amene anazima zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Ndipo chigwa chimene Lengai waimamo ndi nthambi ya kum'mawa ya Rift Valley yomwe ija imene nyanja ya Malawi yagonamo. Kwa Amasai ili ndi Phiri la Mulungu, ndilo tanthauzo la dzinalo, ndipo amapitako kukapemphera. Phokoso la nyimbo ndi kutaya mabotolo musachite, ndipo munthu musamujambule musanapemphe.

Wa ku Chilomoni wabweranso:

Zikomo kwambiri nonse, mwatitsegula maso. Za galimoto ziwiri ndi otsogolera atatu tazimva. Chatsala ndi anzathu atatu amene sanakwerepo phiri aja. Kwatsala miyezi iwiri. Tiwaletse kapena pali chimene angachite? Tinamvanso kuti pali mathithi pafupi, timaganiza zokawaona masana a tsiku loyamba.

Mlondamapiri wayankhanso:

Musawaletse ndi pakamwa, achimwene, phiri la kwathu liwayese. Miyezi iwiri ndi yokwanira kwa munthu wathanzi amene watsimikiza. Katatu pa sabata akwere masitepe kapena chitunda chapafupi mphindi 45, chikwama cha makilogalamu 6 chili kumsana, atavala nsapato zomwe adzakwerere. Loweruka lililonse phiri lenileni: Ndirande, Soche kapena Michiru kwa a ku Blantyre, Nkhoma kapena Dedza kwa a ku Lilongwe, ndipo potsika asamathamange, aphunzire kuponda mwachidule mawondo atapinda pang'ono. Kamodzi kapena kawiri muyambe 4 koloko m'mawa ndi tochi za pamutu, muli gulu komanso ndi munthu wodziwa njira, kuti azolowere kuyenda m'kuwala kochepa.

Kutatsala milungu itatu pitani nonse ku Likhubula, mukwere njira ya Skyline mpaka ku Chambe n'kutsika tsiku lomwelo. Ndi mamita pafupifupi 1,000 okwera. Lengai ndi kuwonjezapo theka lake ndi kupitirira, usiku, osagona. Amene watsika Skyline miyendo ikunjenjemera, kapena amene wachita mantha poyang'ana pansi, wadziyankha yekha. Mantha a phompho satha ndi masewera olimbitsa thupi, ndipo pathanthwe la Lengai ndi oopsa kuposa kutopa.

Otsalawo ulendo sunawathere. Mbandakucha apite ndi wotsogolera kugombe la Natron, kumene dzuwa limayamba kumenya nsonga ya Lengai pansi padakali mdima. Nyanjayi ndi kumene zimaswanirana mbalame zambiri za flamingo zazing'ono za kum'mawa kwa Africa, ndipo Ogasiti zimakhala zitayamba kusonkhana. Madzi ake ndi a soda wamphamvu, osasambamo kapena kupondamo opanda nsapato. Pafupi pomwepo pali mapazi a anthu akale oposa 400 amene anadindika m'matope a phulusa zaka masauzande zapitazo.

Za mathithi a Engare Sero, tsiku loyamba ayi. Njira yake ndi ya m'mtsinje, mumawoloka madzi kangapo ndi kukwera miyala yoterera, ndipo imadya maola awiri kapena atatu omwe munayenera kugona. Wina akabzungunyuka bondo pamenepo kapena kunyowetsa nsapato za phiri, usikuwo sakwera. Pitaniko madzulo a tsiku lachiwiri mutadzuka, kapena m'mawa wa lachitatu musananyamuke, mutavala nsapato zina zogwira pamwala wonyowa. Madzi ozizirawo amachotsa phulusa m'thupi ndi kupepuza miyendo.

Onaninso pa kalendala kuti mwezi udzakhala bwanji usiku umenewo. Ukakhala wathunthu kapena pafupi, njira imaoneka ndipo mabatire amakhalitsa. Ukakhala mdima, aliyense atenge mabatire apadera awiriawiri ndipo gulu likhale ndi tochi imodzi yosungira. Mwa awiri anafika pa Sapitwa aja, mmodzi ayende kumbuyo kwenikweni kwa gulu pokwera ndi potsika pomwe, akhale ndi wotchi ndi mabandeji, ndipo ndi iyeyo amene anene kuti 7 koloko yakwana.